Ndinagula zometera ndevu zitatu, zonse zinandikhumudwitsa: vuto linali pati?

Amangwetu, masiku ano ukangotsegula foni, kaya pa sitetasi ya WhatsApp kaya m'magulu ogulitsirana katundu pa Facebook, sulephera kuona chometera ndevu chachitsulo chonyezimira, chija agogo athu ankamangamo lezala yakuthwa mbali ziwiri. Chabwereranso m'tauni muno. Ogulitsa akuti ukagula kamodzi basi wathana nazo: za mzere wa ku babashopu iwala, tiziphuphu ta pakhosi tatha, magetsi azime asazime iwe umeta ndithu.

Ine ndinakopeka. Ndimagwira ntchito pakauntala m'shopu ina ku Old Town kuno ku Lilongwe, ndipo abwana safuna kuona ndevu. Zometera zapulasitiki zija zinkandisiya khosi lili ngati chikwama cha mtedza, pomwe ku babashopu ukapita m'mawa umapeza magetsi kulibe. M'chaka chimodzi ndagula zometera zachitsulo zitatu, ndipo chilichonse chinandiliza mwanjira yakeyake. Ndalemba izi kuti inu musatayenso ndalama momwe ndinatayira ine.

Choyamba, ogulitsawo sakunama zonse

Chometera chimenechi si chachilendo. Amene anachitchukitsa ndi King Camp Gillette wa ku America. M'chaka cha 1903 kampani yake inagulitsa zometera 51 zokha ndi malezala 168, koma pasanapite zaka zambiri chinali chitafala dziko lonse. Kapangidwe kake n'kosavuta: chogwirira, kambale kapansi, ndi kachivindikiro kamene kamapanikiza lezala n'kuipinda pang'ono. Kambale kapansi kaja ndi kamene kamatchinga kuti lezala isalowe m'khungu. Ubwino wake ndi woti malezala a mbali ziwiri amabwera muyezo umodzi, ndiye kaya ndi Minora, Nacet, Super-Max kapena Astra, amalowa m'chometera chilichonse cha mtunduwu.

Zometera zokhala ndi malezala angapo zinayamba kufala mu 1971 pomwe Gillette inatulutsa Trac II ya malezala awiri. Nzeru yake ndi yakuti lezala yoyamba imakoka tsitsi pang'ono, yachiwiri n'kulidula lisanabwerere. Zotsatira zake, tsitsi limadukira mkati mwa khungu. Kwa munthu wa tsitsi lowongoka zimenezo n'zabwino, nkhope imasalala. Koma ndevu zathu ambirife ndi zopotana. Tsitsi lopotana likadulidwa mozama chonchi, pomera limakhota n'kubaya khungu, thupi n'kumalimbana nalo ngati munga. Tiziphuphu tija timachokera pamenepo. Lezala imodzi imadula tsitsi pamwamba pa khungu osalikoka kwambiri, n'chifukwa chake ambiri imawathandiza. Ku America mkulu wina wachikuda, Tristan Walker, anayambitsa kampani mu 2013 yogulitsa chometera cha lezala imodzi chotchedwa Bevel, makamaka poganizira anthu a tsitsi ngati lathuli.

Ndiye mfundoyo ndi yoona. Koma pakati pa mfundo ndi katundu amene wafika m'manja mwako pali mtunda.

Chometera choyamba: lezala inkakhala mokhota

Ichi ndinachiona pa sitetasi, ndinatumiza ndalama pafoni, wakabaza n'kundibweretsera. Kabokosi kokongola, chitsulo chowala ngati galasi. M'mawa wake ndinameta tsaya lakumanja, palibe chimene chinachoka. Nditatembenuza chometera kuti ndigwiritse mbali inayo, magazi chuchuchu pachibwano. Ndinapita kuntchito nditamata tishu, makasitomala n'kumandifunsa ngati ndamenyedwa.

Madzulo ndinachiyang'ana bwinobwino pawindo. Mbali imodzi lezala inatuluka kwambiri, mbali inayo inabisala. Timizati timene timagwira lezala kuti isasunthe tinali tating'ono, moti lezala inkagwedera, ndipo ukamamanga inkakhala paliponse pamene yafuna.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya chometera chotere. Zinthu ziwiri ndi zimene zimapangitsa kuti chikhale chofatsa kapena cholusa: mpata wa pakati pa lezala ndi kambale kapansi, komanso kuchuluka kwa lezala imene yasuzumira kunja. Pa zometera zambiri mpatawu sufika n'komwe milimita imodzi. Ndiye fakitale ikangophonya pang'ono, ngakhale mulingo wa tsitsi limodzi kapena awiri, mbali ina imasanduka mpeni pomwe ina imangosisita. Pachithunzi cha pafoni zimenezi simungazione. Ndipo ngati mutu wa chometera unaumbidwa mokhota, palibe luso la dzanja limene lingakonze.

Chachiwiri: chinagwa kamodzi, basi kwatha

Ichi ndinagula ndekha m'shopu, ndinachigwira, chinkalemera bwino. Ndinkaganiza kuti kulemera ndiye kulimba. Chinkameta bwinoko ndithu kwa miyezi iwiri. Tsiku lina chinapulumuka m'manja a sopo n'kugwa pasimenti m'bafa. Kabawuti kamene kamalumikiza mutu ndi chogwirira kanathyoka pomwepo. Nditayang'ana pothyokapo, mkati munali motuwa, mwa timibulu ngati mchenga, ndipo m'mazinga chonyezimira chija chinali chitayamba kale kusupuka.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti zometera zambiri zotchipa sizipangidwa ndi chitsulo cholimba monga momwe zimaonekera. Amagwiritsa ntchito chosakaniza chotchedwa zamak, chimene mbali yake yaikulu ndi zinki, kuphatikizapo aluminiyamu pang'ono ndi zina. Amachisungunula, kuchithira m'chikombole, kenako n'kuchikutira chonyezimira pamwamba. N'chotchipa kupanga, koma sichipindika, chimangothyoka. Komanso chokutira chija chikang'ambika, madzi amalowa n'kuyamba kudya mkati, makamaka m'mazinga.

Sindikunena kuti chilichonse cha zamak n'chachabe ayi. Ngakhale makampani ena odziwika a ku Ulaya amapanga mitu ya zometera zawo ndi zomwezi, kungoti amakutira bwino ndipo miyezo yawo ndi yolondola. Chimene ndikunena n'chakuti wogulitsa akakuuzani kuti "ichi ndi chitsulo chosachita dzimbiri" pamtengo wa mbale ziwiri za chipisi, kayikirani. Zolimba zenizeni ndi za mkuwa kapena chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo zimenezo mtengo wake umaluma.

Chachitatu: chinali chabwino, wolakwa ndinali ine

Nditatopa, ndinatumiza ndalama kwa msuweni wanga ku Joni kuti andigulire chenicheni. Chinabwera, lezala inkakhala mowongoka mbali zonse, mazinga osalala. Ndinati tsopano ndafika. Koma sabata isanathe khosi linali litafiira, likuwotcha, tiziphuphu titabwerera. Ndinakhumudwa kwambiri moti ndinafuna kuchigulitsa.

Anandipulumutsa ndi amalume anga a ku Area 25, amene akhala akumeta chonchi kuyambira ine ndisanabadwe. Anandiuza kuti ndimete iwo akuonerera. Ndisanamalize n'komwe tsaya limodzi anandigwira dzanja.

"Mphwanga, ukumeta kapena ukupala moto? Ukukanikiza chifukwa chiyani?"

"Nanga zichoka bwanji, amalume?"

"Chitsulocho chili ndi kulemera kwake. Iwe ntchito yako n'kuchiongolera basi."

Zometera zapulasitiki zinandizoloweza zoipa. Zija n'zopepuka ndipo mutu wake umagwedera wokha kutsata nkhope, ndiye umakanikiza osavulala. Chachitsulo sichigwedera. Uyenera kupeza wekha kapendekedwe koyenera, pafupifupi madigiri 30 pakati pa lezala ndi khungu. Njira yosavuta ndi iyi: gonekani kachivindikiro pa tsaya chogwirira chitaloza kumbali, kenako muzitsitsa chogwiriracho pang'onopang'ono mpaka mumve lezala ikuyamba kudula. Imani pomwepo.

Amalume anandionetsanso zina zitatu. Ndinkameta ndevu zouma, nditangopaka sopo wochapira mothamanga. Ndevu zimafunika zinyowe ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti zifewe, n'chifukwa chake kumeta ukangomaliza kusamba kumaphweka. Thovu nalo lizikhala loterera, losauma msanga. Chachiwiri, ndinkameta mokwera, kulimbana ndi komwe ndevu zagonera, pofuna kuti pasalale ngati mwana. Kwa ife a ndevu zopotana kumeneko ndi kuitana ziphuphu. Sisitani nkhope ndi chala ndevu zikamera masiku awiri, mudziwe komwe zagonera, makamaka pakhosi pomwe zimamera mosokonekera, ndipo muzimeta motsata komweko. Chachitatu, ndinkabwereza malo amodzi kasanu popanda thovu. Lezala isadutse pakhungu lopanda thovu, olo kamodzi.

Patatha masabata atatu khosi linayamba kuchira. Chometera chomwe chija, dzanja lina.

Musaiwale lezala

Ambiri amataya chometera chabwino pomwe vuto ndi lezala. Ngakhale muyezo ndi umodzi, kuthwa kumasiyana. Feather ya ku Japan imadziwika kuti ndi yakuthwa kwambiri, pomwe ena ndi ofatsirapo. Lezala imene ikumuyanja mnzanu mwina inu ikukandani. Musagule bokosi lonse poyamba. Tengani timapaketi ta mitundu iwiri kapena itatu, yesani uliwonse sabata imodzi. Kwa ine lezala imodzi imagwira katatu kapena kanayi, ikangoyamba kukoka ndimasintha. Lezala yobuntha ndi imene imakupangitsa kukanikiza.

Ndipo chonde, lezala sabwerekana, ngakhale ndi m'bale wako wa mimba imodzi. Matenda oyenda m'magazi monga HIV ndi a chiwindi a hepatitis B angathe kudutsira pamenepo. Yakutha muziponya m'kachitini kotseka, osati m'bini momwe ana kapena otola zinyalala angadzicheke.

Musanatulutse ndalama, chitani izi

Pitani ndi lezala yanu yatsopano, mupemphe kuimanga m'chometeracho. Wogulitsa akakana, chokanipo.

Mukamanga, yang'anani kuchokera pamwamba pamalo owala. Lezala ioneke mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo ikhale yowongoka kuyambira kona ina mpaka ina. Masulani, mangani kachiwiri, muone ngati yakhalanso chimodzimodzi.

Zungulizani chogwirira. Mazinga aziyenda mosalala, osagwiragwira, ndipo mukamanga mutu usagwedere.

Ngati ndi chija chotseguka pamwamba ngati mapiko a gulugufe, onetsetsani kuti zitseko zonse ziwiri zikutseka nthawi imodzi ndi kupanikiza lezala mofanana. Zotchipa za mtunduwu zimakonda kulephera pamenepa.

Yendetsani chala pa kambale kapansi musanaike lezala. Pasakhale pokanda kapena posupuka.

Ngati n'koyamba, sankhani chofatsa, cha kambale kosalala. Chokhala ndi mano ngati chipeso nthawi zambiri chimafuna dzanja lozolowera.

Pomaliza, tengani lisiti, ndipo ngati mwagula pa intaneti sungani mameseji ndi umboni wa ndalama zomwe mwatumiza. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma popanda umboni nkhani imavuta. Ine wa chometera choyamba uja nditamudandaulira anangowerenga meseji n'kukhala chete, ndipo ndinalibe pogwira.

Mukagula ndipo sichikukusangalatsani, musathamangire kugula china monga ndinkachitira ine. Yambani mwaona ngati lezala ikukhala mowongoka. Ngati ili bwino, sinthani mtundu wa lezala. Zikapitirira, chepetsani mphamvu ya dzanja ndipo mudzipatse masabata atatu kapena anayi. Tiziphuphu tikakhala ta mafinya kapena tikamasiya zipsera zotupa, siyani kaye kumeta mukaonane ndi achipatala. Pa zometera zanga zitatu, chimodzi chokha ndi chimene chinali chosathandiza kuchokera kufakitale. Chachiwiri chikanakhalapo mpaka pano ndikanachisamala, ndipo chachitatu ndi chimene ndameta nacho m'mawa uno.