Kasamalidwe ka maluwa a orchid m'mitsuko ya galasi

Anthu ambiri omwe amagula maluwa a orchid pofuna kukongoletsa ofesi kapena nyumba amadandaula kuti maluwawa sachedwa kufota. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kuuma kwa mpweya, makamaka m'nyengo ya chilimwe komanso m'zipinda momwe muli makina oziziritsa mpweya.

Mtundu wa Phalaenopsis, womwe umagulitsidwa kwambiri, unachokera m'nkhalango za mvula za kummwera chakummawa kwa Asia komwe umamera pa mitengo osati m'dothi. Mizu yake imayamwa madzi a mvula ndi chinyontho cha mumpweya, ndipo umakula bwino chinyonthocho chikakhala pakati pa 50 ndi 70 peresenti.

Mtsuko wa galasi umathandiza kusunga chinyontho pafupi ndi mizu. Nzeruyi inadziwika mu 1829 pomwe dokotala wa ku London, Nathaniel Ward, anaona kuti zomera zikukula bwino m'botolo lotseka.

Pansi pa mtsuko pamaikidwa timiyala totsuka bwino ndi madzi pang'ono osafika pamwamba pa timiyalato. Duwa limakhazikidwa pamwamba, mizu yake itazunguliridwa ndi zidutswa za makungwa a paini ndi makala. Dothi la m'munda siliyenera kuikidwamo chifukwa limatsekereza mpweya.

Choopsa chachikulu n'chakuti mtsuko wa galasi ulibe chibowo chotulutsira madzi. Mizu ikakhalitsa m'madzi imaola ndipo duwa limafa. Kaamba ka ichi, pothirira ndi bwino kuviika mizu kwa mphindi pafupifupi 20 kenako kukhuthula madziwo. Madzi asatsalire pakati pa masamba. Galasi limathandizanso kudziwa nthawi yothirira: mizu yobiriwira ili ndi madzi okwanira, pomwe yotuwa ngati siliva ikufuna madzi.

Kukamwa kwa mtsuko kukhale kosatseka kuti mpweya uziyenda ndipo nkhungu isamere. Mtsukowo uikidwe pafupi ndi zenera loyang'ana kummawa, popeza dzuwa la masana likawomba pa galasi limatenthetsa m'kati ndi kuwaula masamba.

Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo yoposa 200 imapezeka pa phiri la Nyika. Ina mwa mitunduyi ili pachiopsezo kaamba kokumbidwa mopitirira muyezo ndi anthu ofuna chinaka, chomwe ena amati chikande. Malonda a maluwawa pakati pa maiko amatsata pangano la CITES, lomwe Malawi ndi membala wake.

Choncho ofuna kukongoletsa maofesi agule maluwa ochulukitsidwa ku nazale m'malo mozula a m'nkhalango za Zomba, Mulanje kapena Nyika. Maluwa ozulidwa kutchire kawirikawiri salimba m'nyumba, ndipo kuchotsa zomera m'malo otetezedwa popanda chilolezo ndi kuphwanya malamulo.