Gitala yosafuula ya ku Lulimile

M'mwezi wa Juni ku Lichinga kumazizira moti zala zimauma ngati nkhuni. Komabe mnyamata wina wa ku Lulimile, m'tauni momwemo, amadzuka tambala asanalire, n'kukhala pampando gitala ili pamwendo wamanzere, foni ataitsamiritsa kubotolo la madzi. Amalawirira chonchi chifukwa kukangocha basi zake zada: chigayo chayamba, njinga zamoto zikulira, ana akuthamangitsana kuseri kwa nyumba. Gitala yakeyo ndi ya nsambo za nayiloni, imene azungu amaitcha ya classical. Ilibe chokuzira mawu. Imalankhula chapansipansi ngati mkamwini wachilendo, ndipo foni siisankha, imatola zonse, ngakhale kupuma kwa woimbayo ndi kulira kwa chala chikamatsetsereka pansambo.

Anzake amamuseka zikhadabo. Kudzanja lamanja n'zazitali, zopalidwa bwino, kwinaku n'zowengedwa mpaka pamnofu. Sadziwa kuti pagitala yamtunduwu chikhadabo ndicho chimatulutsa liwu. Chikathyoka potema nkhuni, kujambula kumaima milungu ingapo. Nsambo ikaduka ndiye nkhani ina, poti waya wa mabuleki a njinga, amene amapulumutsa oimba banjo, pano sagwira ntchito.

Wina anganene kuti izi n'zachilendo kwathu kuno. Ine ndikukana. M'chaka cha 1952 Hugh Tracey anajambula mnyamata wa ku Congo, Jean Bosco Mwenda, akuimba Masanga m'tauni ya Jadotville, yomwe lero ndi Likasi. Anali yekha ndi gitala yake, zala ziwiri zokha zikudumpha pansambo. Patapita zaka pafupifupi khumi, David Rycroft anaimvetsera bwinobwino n'kuilemba m'manotsi, kuti aliyense wodziwa kuwerenga nyimbo aiimbe. Mu 2002 John Williams, mmodzi wa akatswiri a gitala ya classical odziwika padziko lonse, anaika Masanga m'chimbale chake cha The Magic Box. Zaka 50 zathunthu nyimbo ikuyenda, kuchokera ku Katanga mpaka m'maholo a ku London, ndipo chinaiyendetsa ndi tepi. Nayenso Derek Gripper wa ku Cape Town anaphunzira nyimbo za kora za Toumani Diabaté wa ku Mali pomvetsera zimbale, kenako mu 2012 anazitulutsa pagitala ya nsambo zisanu ndi imodzi m'chimbale cha One Night on Earth.

Kutsidya kwa nyanja, ku Malawi, Daniel Kachamba wa ku Chileka ankaimba ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, wina n'kumayesa kuti akuimba anthu awiri. Anamwalira mu 1987, koma timamumvabe chifukwa Gerhard Kubik, amene anakumana naye ku Blantyre mu 1967, anamujambula. Nanga anzake a Kachamba, aja ankaimba pamowa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ku Metangula kapena ku Cóbuè, popanda wodutsa ndi tepi? Anapita nazo kumanda.

Lichinga siyachilendo pankhani ya gitala. Gulu la Massukos, lomwe dzina lake likuchokera ku masuku omwe timatola kuthengo, linabadwira momwemuno nkhondo yapachiweniweni itatha. Linatulutsa Kuimba kwa Massuko mu 2001 ndi Bumping mu 2007, ndipo mtsogoleri wawo Feliciano dos Santos analandira mphoto ya Goldman mu 2008 chifukwa chophunzitsa anthu za ukhondo ndi zimbudzi kudzera m'nyimbo. Koma zawo n'zovina, za ng'oma ndi masipika, zomveka kutali. Za mnyamata uja zimafuna munthu akhale chete, ndipo chete m'tauni muno ndi wosowa kuposa shuga.

Tsiku lomwe ndinamuchezera anabwereza nyimbo imodzi kanayi. Kachitatu inayenda bwino kwambiri, mpaka chakumapeto pamene tambala wa oyandikana nawo anaponyamo mawu ake. Anaimvetsera kawiri, mutu uli pansi, chala chili pamwamba pa batani lofufutira. Kenako anaisunga, n'kuitumiza kwa mnzake wa ku Mandimba pa WhatsApp, tambala ali momwemo.