Kabuku ka kuchipatala ndi uthenga, tisakasokoneze

Aliyense amene adakhalapo pamzere pachipatala chaching'ono kuno ku Mulanje akulidziwa dandaulo limene limamveka pabenchi: "Anthu awa achulutsa mafunso, bwanji osangotipatsa mankhwala?" Afunsa dzina, mudzi, mfumu, zaka, tsiku limene thupi lidayamba kutentha. Ukalowa chipinda china, ayambiranso. Ena amangoyankha zothamangitsa nthawi, ena amabwereka kabuku ka m'bale wawo poti kawo kadasowa. Ine ndimaphunzitsa masamu pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma lino, ndipo ndikufuna ndionetse kuti mafunso amenewa ndi mbali ya chithandizocho, komanso kuti masamu amatiuza chifukwa chake.

M'chaka cha 1948, katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, yemwe ankagwira ntchito ku Bell Labs, malo ofufuzirako za matelefoni, adasindikiza maganizo amene lero amatchedwa information theory. Iye ankafuna kudziwa ngati uthenga ungayezedwe monga timayezera chimanga pasikelo. Adapeza kuti n'zotheka: kukula kwa uthenga ndi kuchuluka kwa chikayiko chimene wachotsa. Munthu akakuuzani kuti mawa dzuwa lituluka kum'mawa, sadakuuzeni kanthu. Akakuuzani kuti mtsinje wa Ruo wasefukira mu Seputembala, wakuuzani zambiri, chifukwa simumayembekezera.

Ophunzira anga amazimvetsa izi kudzera m'masewera. Mmodzi amasunga mumtima nambala ya pakati pa 1 ndi 64, ndipo anzake amamufunsa mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi. Wofunsa kuti, "Kodi ndi 17? Nanga 40?" akhoza kufunsa mpaka belu kulira. Wochenjera amafunsa kuti, "Kodi ndi yoposa 32?" Yankho lililonse limadula theka la manambala otsala: 64, 32, 16, 8, 4, 2, mpaka itatsala imodzi. Mafunso 6 okha akwanira. Funso logawa pakati chonchi limabweretsa muyeso umodzi wa uthenga, umene umatchedwa bit. Ndi bit yemweyo amene amaunjikana kupanga ma megabyte a bandulo ya intaneti imene timagula pafoni.

Dokotala wabwino amasewera masewera omwewa, kungoti pamasewera ake pali moyo. Nyengo ya mvula ana ambiri amafika kuchipatala thupi likutentha. Yankho loti "inde, likutentha" silisiyanitsa malungo ndi chibayo. N'chifukwa chake amawerenga kapumidwe ka mwana, amafunsa ngati akutsegula m'mimba, kenako amabaya chala kuti ayeze magazi. Funso lililonse likuchotsa matenda ena pamndandanda.

Chitsanzo champhamvu chidachokera pafupi pomwepa, pachipatala cha Gulupu ku Blantyre. Kwa zaka zambiri, mwana akakomoka ndipo m'magazi mwake mwapezeka tizilombo ta malungo, madokotala ankati ali ndi malungo a mu ubongo. Vuto n'lakuti kumadera ngati kwathu kuno ana ambiri amayenda ndi tizilomboti m'magazi osadwala. Choncho kutipeza sikuchotsa chikayiko chonse. Gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Terrie Taylor, mogwirizana ndi Malcolm Molyneux, lidaunika matupi a ana amene adamwalira, makolo awo atavomereza. Zotsatira zimene zidasindikizidwa mu 2004 zidaonetsa kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti aphedwa ndi malungo a mu ubongo, 7 adamwalira ndi matenda ena. Chimene chidasiyanitsa magulu awiriwa chidali m'diso. Dokotala wa maso, Susan Lewallen, adali ataona kale ku Blantyre komweko kuti malungo enieni a mu ubongo amasiya zizindikiro mkati mwa diso. Kuunika m'diso kwa mphindi zochepa kudakhala funso lija logawa pakati. Mwana wokomoka amene maso ake alibe zizindikirozo amapatsidwabe mankhwala a malungo, koma dokotala amadziwa kuti afufuzenso matenda ena nthawi isadathe.

Masamu omwewa amapulumutsanso zipangizo zoyezera zikachepa. Mu 1943, Robert Dorfman wa ku America adaganizira njira yoyezera chindoko mwa anyamata ochuluka olowa usilikali. Tiyerekeze kuti pali anthu 100 ndipo wodwala ndi mmodzi. Kuyeza mmodzimmodzi kufuna zoyezera 100, ndipo mayankho 99 adzakhala "ayi", zimene timayembekezera kale. Koma mukawaika m'magulu a anthu 10, n'kusakaniza timadontho ta magazi a gulu lililonse, muyeza maulendo 10. Gulu limene mwapezeka matenda ndi lokhalo muliyeze mmodzimmodzi, maulendo ena 10. Zoyezera 20 zagwira ntchito ya 100. Mu 2020, pa mliri wa Covid-19, akatswiri ogwira ntchito ku Rwanda, kuphatikizapo Leon Mutesa ndi Wilfred Ndifon, adakonza njira ya mtundu umenewu kuti ayeze anthu ambiri ndi ndalama zochepa.

Shannon adaphunzitsanso chinthu chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ife odwala tikulowapo. Uthenga uliwonse umadutsa m'njira, ndipo m'njiramo mumakhala phokoso. Tonse tikudziwa momwe mawu amadukiradukira pafoni munthu ukakhala kuseri kwa phiri. Mbiri ya zaumoyo nayo ili ndi ulendo wake. Imachoka pakamwa pa wodwala, ilowa m'kabuku, ilembedwa m'kaundula wa chipatala, iwonkhetsedwa mu lipoti la pamwezi, ipita ku ofesi ya zaumoyo paboma, ndipo kumeneko ilowetsedwa m'kompyuta kudzera pa DHIS2, njira imene unduna wa zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a dziko lonse. Manambala amenewa ndi amene amathandiza akuluakulu ku Lilongwe kudziwa kumene malungo achuluka ndi kuchuluka kwa mankhwala ofunika.

Tsono mayi akabwereka kabuku ka mwana wa mchemwali wake, dokotala amawerenga mbiri ya mwana wina: sikelo ya wina, katemera wa wina, mankhwala amene adamwa wina. Bambo akagula kabuku katsopano kuti abise zimene zidalembedwa m'kakale, amafufuta yekha uthenga umene ukadamuteteza ku mankhwala amene thupi lake limadana nawo. Munthu akatchula mudzi umene sakhalako, alangizi a zaumoyo amakathira mankhwala pachitsime cholakwika pamene kolera ikufalikira kwina. Tisaiwale kuti kolera imene idayamba mu Malichi 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pamliri wotere, dzina la mudzi lolondola limaposa botolo la mankhwala. Phokoso limene talowetsa pachiyambi palibe kompyuta imene ingalichotse kumapeto.

Mankhwala a phokoso, malinga ndi Shannon, ndi kubwereza mwanzeru. Potumiza ndalama pafoni timawerenga nambala kawiri, ndipo palibe amakwiya. Namwino akafunsanso dzina ndi zaka musadalandire jekeseni, akuchita zomwezo. Poyeza HIV, kachipangizo koyamba kakaonetsa kuti kachilombo kalipo, amayezanso ndi kamtundu wina asadamuuze munthu zotsatira, chifukwa n'kovuta kuti zipangizo zosiyana zilakwitse mofanana. Kusunga mbiri malo awiri nakonso ndi kubwereza. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, mabanja ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe adathawa ndi zovala za m'thupi zokha, timabuku titapita ndi madzi. Kwa munthu womwa ma ARV kapena mankhwala a BP, kabuku kakakhala mboni yokhayo, madzi amatenga mbiri yonse. Koma ngati zidalembedwanso pakhadi la kuchipatala kapena m'kompyuta, chithandizo chimapitirira pomwe chidalekera.

Komabe amene amasunga mbiri zathu nawo masamuwa akuwachenjeza. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje. Ndi mafunso ogawa pakati aja, 20 okha akwanira kuloza munthu mmodzi mwa onsewo. Izi zikutanthauza kuti kufufuta dzina papepala la kafukufuku sikubisa munthu. Mukasiyapo mudzi, zaka, ntchito ndi chiwerengero cha ana, anansi amuzindikira msanga. Anthu ambiri amene amabisa zoona kuchipatala si opusa ayi, amaopa kuti nkhani yawo ikamveka kumjigo. Ngati achipatala ndi ofufuza akufuna mayankho oona, asunge chinsinsi, asasiye kaundula poyera, ndipo afotokoze kumene mayankho athu akupita. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa zimenezi asadavomere kulowa m'kafukufuku.

Kwa ife eni matenda, zofunika kuchita si zodula. Munthu aliyense akhale ndi kabuku kakekake, ngakhale khanda. Tikasunge m'pepala la pulasitiki pamalo okwera, ndipo amene ali ndi foni yojambula ajambule masamba ofunika. Kakadzadza, tisokere katsopano pamodzi ndi kakale. Ngati mwana tamumwetsa kale mankhwala a pagolosale kapena azitsamba, tinene, pakuti zimenezi zimasintha zimene dokotala aone. Tikaiwala tsiku limene matenda adayamba, kunena kuti "sindikukumbuka" kuli bwino kusiyana n'kupeka, chifukwa dokotala akadziwa kuti pali chikayiko amafufuza, koma yankho lopeka limamutsekera njira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kuchipatala, wofunsa akanamizidwa, phulalo amadya ndi wodwala.