Mawu Ochepa Oyenera Kukhala M'khosi mwa Galu Wanu

Galu akaluma mwana panjira, funso loyamba limene anthu amafunsana ndi lakuti, "Ndi wa kwa yani galu ameneyu?" Mayi wogulitsa tomato pamphambano amati amamuona akutsika kuchokera kumtunda. Wakabaza amatsutsa, akuti amatulukira kuseri kwa chigayo. Akamatha kukangana, galu uja walowa kale m'chimanga, ndipo palibe amene angauze adokotala ngati anabayidwa katemera wa chiwewe. Chonsecho ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi ngakhalenso kumidzi, agalu ambiri amene timati ndi ongoyendayenda ali ndi eni ake. Amadya mkute pakhomo pa munthu, usiku amalondera khola la mbuzi la munthu yemweyo, koma akangodutsa mpanda sadziwikanso kuti kwawo ndi kuti.

Chimene chikusowa pa agalu amenewa si chinthu chachikulu: lamba wa m'khosi ndi kachitsulo kolembedwa mawu. Malo olembapo ndi ochepa, mizere itatu kapena inayi mbali iliyonse, choncho mwini galu ayenera kusankha mosamala. Posankhapo aganizire za munthu amene adzawerenge. Adzakhala munthu wosakudziwani, mwina wamantha, mwina wagwira lambayo ndi dzanja limodzi galu akuphiriphitha, mwinanso mwana wake akulira pambali. Munthu wotere alibe nthawi yowerenga zambiri. Akufuna kudziwa woti amuimbire, kumene galuyo wachokera, ndiponso ngati ndi wobayidwa.

Nambala ya foni ndiyo iyenera kukhala pamwamba, ndipo ilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu kuposa china chilichonse. Zikhale nambala ziwiri ngati malo alipo, ina ya Airtel ina ya TNM, kapena yanu ndi ya munthu wina wa pakhomopo. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imatha moto magetsi akazima tsiku lonse, ndipo galu sasankha tsiku losochera. Nambala yoyenera kulembedwa ndi ya munthu amene amagona pakhomo limodzi ndi galuyo. Mabanja ambiri ali ndi bambo amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena mayi amene ali ku Leeds, ndipo agalu anatsala ndi achibale kumudzi kuno. Kulemba nambala yakunja pa galu wa ku Area 25 n'kupatsa wotola ntchito yoimba foni yodula kwa munthu amene sangafike ngakhale atafuna. Koma amene amakhala kumalire, monga ku Mchinji, ku Dedza kapena ku Mwanza, angachite bwino kuyambitsa nambala yawo ndi +265, chifukwa galu wawo atha kupezeka tsidya linalo.

Chachiwiri ndi dera. Pano tinene zoona, bokosi la ku positi ofesi silithandiza chilichonse. Palibe amene angalembe kalata yonena za galu amene wamumangirira pa mtengo wa mango. Nyumba zathu zambiri zilibe nambala ya msewu, timalondolerana ndi tchalitchi, mjigo, sukulu kapena golosale. Lembani dzina la dera lokha, kaya ndi Chilomoni, Chinsapo kapena Mchesi, ndipo kumudzi mulembe dzina la mudzi. Pambali pake pakhale dzina limene anthu a m'deralo amakudziwani nalo. Dzina la pa chitupa nthawi zina silidziwika ngakhale kwa oyandikana nawo nyumba, pamene mfunda kapena dzina la pa bizinezi yanu mwana aliyense wa m'deralo angathe kulondolera.

Chachitatu, chimene kwathu kuno ndichiona kuti n'cholemera kuposa zonse, ndi chaka chimene galuyo anabayidwa katemera wa chiwewe.

Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 amene amatenga matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi alionse amakhala ana osapitirira zaka 15. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mwana ndiye amasewera ndi galu, ndiye amamugenda, ndipo pokhala wamfupi amalumidwa kumaso kapena m'khosi, pafupi ndi ubongo kumene kachilombo ka chiwewe kamalowera. Choipitsitsa n'chakuti mwana amabisa bala poopa kukalipiridwa. Kachilombo kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, ndipo zizindikiro zikangooneka, monga kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, munthu sapulumuka.

Madokotala a pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri amachitcha Gulupu, anaona ana akumwalira motere mpaka analemba za vutoli kuti dziko lidziwe. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, limene linakhazikitsidwa mu 2013 ndi dokotala wa ziweto wa ku Britain, Luke Gamble, linayamba ntchito mumzindawo mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto komanso bungwe la Blantyre SPCA. M'masiku 20 okha anabaya agalu oposa 35,000, kupitirira mlingo wa agalu 70 pa 100 alionse umene akatswiri amati ndi wofunika kuti chiwewe chileke kufala. Ntchitoyi inafika ku Zomba ndi ku Chiradzulu, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha ana ofika ku Gulupu ndi chiwewe chinatsika.

Obaya katemera aja amapaka galu utoto pamutu kuti asamubaye kawiri, ndipo mwini wake amamupatsa khadi. Utotowo umatha m'masiku ochepa. Khadi limasungidwa m'sutukesi kapena pakati pa Baibulo. Galu akaluma munthu kutali ndi kwawo, zonse ziwirizi sizioneka. Chimene chimayenda ndi galu kulikonse ndi cha m'khosi chokha. Mawu ngati "KATEMERA WA CHIWEWE 2025" amakwana mzere umodzi kapena iwiri, ndipo pamodzi ndi nambala ya foni amasintha zambiri pa tsiku la ngozi.

Pano tisalakwitse. Kachitsulo si umboni wokwanira, pakuti aliyense angathe kukhomapo chaka chimene wafuna. Wolumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire ku chipatala tsiku lomwelo, kaya galuyo ali ndi kachitsulo kaya alibe. Ntchito ya kachitsulo ndi kufikitsa anthu kwa mwini galu, iye atulutse khadi, alangizi a ziweto aone galuyo, ndipo amangiriridwe kwa masiku khumi akuyang'aniridwa. Galu amene anali ndi chiwewe m'malovu pa nthawi yoluma amadwala kapena kufa m'masiku khumi amenewo. Akawadutsa ali wathanzi, adokotala amakhala ndi poyambira poganiza ngati jakisoni zotsala zikufunikabe, ndipo banja la wolumidwa limagona tulo. Katemera wa anthu ndi wodula ndipo nthawi zina amasowa m'zipatala, choncho kudziwa mbiri ya galu kumathandizanso kuti mankhwala apite kwa amene ali pa chiopsezo chenicheni. Galu wosadziwika mwini, anthu akakwiya amangomupha n'kumutaya kudambo, ndiye palibenso chimene angayang'anire kapena kuyeza.

Kachitsuloko kamatetezanso galu mwiniwakeyo. Chiwewe chikabuka m'dera, akuluakulu a zaziweto amatha kulamula kuti agalu onse amangiriridwe, ndipo opezeka akuyendayenda amatha kuwomberedwa. Lamba sapereka chilolezo choti galu aziyenda mwachisawawa pa nthawi yotere, koma galu amene wadula chingwe usiku ali ndi nambala m'khosi ali ndi mwayi woti wina aimbe foni zinthu zisanaipe.

Nkhani ya lamba wopulumutsa galu si yatsopano. Mumzinda wa Edinburgh ku Scotland munali kagalu kotchedwa Greyfriars Bobby, kamene anthu amati kanakhala zaka 14 pafupi ndi manda a mbuye wake, John Gray, mpaka kanafa mu 1872. M'chaka cha 1867 kunabwera lamulo lakuti galu aliyense alipiriridwe chiphaso, ndipo wopanda mwini anali pa chiopsezo chophedwa. Mkulu wa mzindawo, William Chambers, analipira chiphasocho n'kukagulira kagaluko lamba wolembedwa dzina lake, chaka, ndi kuti wachokera kwa mkulu wa mzinda. Lambayo akusungidwa mpaka lero ku Museum of Edinburgh. Mawu ake anali ochepa, koma ankauza aliyense kuti galuyu alipo munthu womuyankhira.

Amalawi amene akukhala ku Britain n'kuweta galu adziwe kuti kumeneko nkhaniyi ili m'malamulo. Lamulo la Control of Dogs Order la 1992 limati galu aliyense akakhala pamalo pa anthu onse avale lamba wokhala ndi dzina ndi keyala ya mwini wake, kaya zalembedwa pa lambapo kaya pa kachitsulo. Nambala ya foni lamuloli silikakamiza, ngakhale kuti ndiyo imabweza agalu ambiri msanga. Kuyambira pa 6 Epulo 2016, ku England, Scotland ndi Wales galu aliyense ayeneranso kuikidwa microchip asanapitirire milungu isanu ndi itatu, ndipo wonyozera chenjezo angathe kulipitsidwa mpaka mapaundi 500. Galu wotoledwa, khonsolo imamusunga masiku asanu ndi awiri. Akapanda kubwera mwini wake, amaperekedwa kwa ena, ndipo nthawi zina amaphedwa.

Microchip ndi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene amakalowetsa pansi pa khungu chapakati pa mapewa. Kalibe batire ndipo sikalondola kumene galu ali. Kamangosunga nambala, kawirikawiri ya manambala 15, imene imawerengeka ndi makina apadera okha. Ndi kabwino chifukwa wakuba sangakavule, ndipo galu wopita naye kunja amafunika kukhala nako. Koma mnyamata amene wapeza galu wanu ku msika wa Lunzu alibe makina amenewo. Ali ndi maso ndi foni. Amene anaika microchip asasiye kachitsulo, ndipo angathe kuwonjezerapo mawu amodzi osonyeza kuti kachipangizoko kalimo.

Pali zina zimene n'kwabwino kuzisiya. Dzina la galu eni ake ambiri amalikonda, ndipo ndilo amayamba kulemba, koma limadya malo ndipo silifikitsa munthu kulikonse. Kwa galu wamtundu wodula, dzinalo limathandiza wakuba kumuitana ndi kumugulitsa ngati wake. Keyala yonse ya nyumba nayo, kumene lamulo silikakamiza, ndi bwino isalembedwe. Kwathu kuno galu ndi mlonda, ndipo munthu wa maganizo oipa akapeza mlonda ali panja atalembedwa nambala ya nyumba, wadziwa kale khomo limene latsala lopanda chitetezo. Nambala ya chitupa cha unzika isapezeke n'komwe. Za mphoto, kuthokoza munthu amene wakusungirani galu n'koyenera, koma kulemba kuchuluka kwa ndalama pa kachitsulo n'kuitana akamberembere. Wina akaimba n'kunena kuti mutumize kaye ndalama pa foni, mufunseni afotokoze maanga a galuyo ndi zimene zalembedwa kuseri kwa kachitsulo, ndipo mukumane poyera.

Malo akatsala, mawu ochenjeza ndi othandiza: "AMALUMA", "SAMVA", "SAONA", kapena "ALI PA MANKHWALA" kwa galu wodwala khunyu kapena shuga. Alembedwe m'chilankhulo chimene anthu a m'deralo amawerenga. Chingerezi chimaoneka chapamwamba, koma wotola galu kawirikawiri amakhala mwana wa sukulu, mlonda wa usiku kapena mayi wopita kumunda.

Agalu amathawa kwambiri pa nthawi zodziwika: usiku wa Chaka Chatsopano makombola akamaphulika, m'dzinja ziphaliwali zikamang'amba, pamene banja langosamukira nyumba ina, ndiponso galu wamkazi wa m'deralo akakhala pa nyengo yokweredwa, pamene amphongo amalumpha mpanda uliwonse. Kufula agalu, ntchito imene mabungwe monga Lilongwe SPCA amagwira, kumachepetsa kuyendayenda kotereku. Lamba ayenera kukhala m'khosi nthawi zimenezi zisanafike.

Kachitsuloko sikalira ndalama zambiri. Amene angathe, agule kachitsulo kosachita dzimbiri kapena ka mkuwa, pakuti aluminiyamu amafufutika msanga pokhulana ndi unyolo. Amene sangathe, okhoma zidebe ndi osula makiyi pamsika angathe kudula kachitsulo, kusalaza m'mbali mwake kuti kasacheke, n'kukhomapo manambala. Ngakhale kulemba pa lamba weniweniyo ndi utoto wa mafuta kuli bwino kuposa kusiya khosi lopanda kanthu, bola kubwereza utoto ukayamba kusuluka. Waya ndi chingwe cha nayiloni asakhale lamba. Ana agalu ambiri amamangidwa chingwe ali aang'ono, eni ake n'kuiwala, galu akukula chingwe chili chomwecho mpaka chimalowa m'mnofu n'kupanga chilonda chozungulira khosi lonse. Lamba woyenera amalola zala ziwiri kulowa pakati pa iye ndi khosi, ndipo kwa mwana wa galu muyeso umenewu uyesedwe mlungu uliwonse.

Zolembedwazo nazo zimakalamba. Mukasintha nambala, mukasamuka, kapena mukapatsa m'bale galuyo, kachitsulo kasinthidwe tsiku lomwelo, chifukwa nambala yosagwira ntchito imangotayitsa nthawi munthu amene amafuna kukuthandizani. Pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo m'madera ambiri katemera wa agalu amabayidwa mwaulere pa nthawi za kampeni. Pochoka pa mzere wa katemera, khadi latsopano lili m'thumba, dzerani kwa wokhoma zidebe akhome chaka chatsopano pansi pa chakale.