Kuzindikira ndi Kuyamika Achinyamata Otumikira M'mabungwe Omwe Si Aboma

MAWU OYAMBA

Ambiri a ife tidakhalapo pa mwambo wopereka mjigo kapena mdadada wa sukulu m'midzi mwathu. Tsiku lotere limakhala lachisangalalo. Amayi amavina, ana asukulu amaimba, ndipo alendo olemekezeka amakhala pa mipando ya kutsogolo. Oyankhula amathokoza mkulu wa bungwe wochokera ku tawuni, phungu wa dera ndi mafumu. Koma kawirikawiri kumbuyo kumakhala mnyamata kapena mtsikana amene akunyamula mipando ndi kugawa zakumwa. Iyeyo ndiye adayenda pa njinga miyezi yambiri kukambirana ndi mudzi za malo okumbapo mjigo. Ndiye adaphunzitsa komiti kusunga ndalama zokonzera mjigowo ukawonongeka. Mwambo umatha dzina lake osatchulidwa.

M'phunziro lino tikufuna tikambirane za achinyamata otere, amene amagwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma. Mafunso athu ndi awiri. Kodi mtsogoleri wabwino wachinyamata tingamdziwe bwanji? Nanga ndani ayenera kumuyamika?

MABUNGWE AMENEWA NDI MALAMULO ATHU

Mu nthawi ya chipani chimodzi, kuyambitsa bungwe loyankhulira anthu chidali chinthu choopsa. Zinthu zidayamba kusintha Aepiskopi athu atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu, ndipo pa 17 Meyi 1994 kudachitika chisankho. Malamulo oyendetsera dziko amene tidalandira pamenepo, m'ndime 32, amapatsa munthu aliyense ufulu woyambitsa kapena kulowa bungwe. Kuyambira nthawi imeneyo mabungwe adachuluka: ena a zaumoyo, ena a ulimi, ena a maphunziro, ena oteteza ufulu wa amayi ndi ana. Mpingo wathu nawonso uli ndi mabungwe ake, monga CADECOM ndi bungwe la Chilungamo ndi Mtendere.

Ufulu umayenda ndi udindo. Lamulo loyendetsera mabungwewa limafuna kuti bungwe lililonse lilembetse, ndi kuti chaka ndi chaka lizipereka lipoti la ntchito zake ndi la momwe layendetsera ndalama. Lamuloli lidakonzedwanso mu 2022, ndipo ofesi yoyang'anira mabungwe tsopano imatchedwa NGORA. Mabungwe eni ake ali ndi mgwirizano wawo wotchedwa CONGOMA. Tikutchula izi kuti tidziwe kuti ntchito ya bungwe si mphatso ya munthu mmodzi ayi. Ndalama zake zimapemphedwa m'dzina la ife anthu osauka. Choncho tili ndi ufulu wofunsa momwe zayendera, komanso tili ndi udindo woyamika amene waziyendetsa bwino.

CHIFUKWA CHIYANI ACHINYAMATA?

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo adali osakwana zaka 18. Ndondomeko ya boma imati wachinyamata ndi munthu wa zaka 10 mpaka 35. Tikayang'ana amene amafika m'midzi mwathu kudzalemba maina, kudzayeza ana sikelo kapena kudzaphunzitsa magulu a banki m'khonde, tidzapeza kuti ambiri ndi a msinkhu umenewu.

Tidawaona mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Anthu mazanamazana adafa, ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. M'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi, amene ankagawa ufa, kuthira mankhwala m'madzi ndi kufunafuna makolo a ana osochera ambiri adali achinyamata. Ena ankalandira malipiro ochepa, ena adangodzipereka.

Ntchito yawo ndi yosakhazikika. Pulojekiti ikatha, ntchito yathanso. Mu 2025 boma la America lidadula thandizo lochuluka limene linkapita ku maiko osauka, ndipo ogwira ntchito ambiri m'mabungwe adabwerera kunyumba. Wachinyamata amene akugwira ntchito yotere amakumana ndi mayesero aakulu: akudziwa kuti mawa ntchito itha, ndipo lero matumba a chimanga ali m'manja mwake. Ngati ife tilemekeza okhawo amene alemera msanga, tikuphunzitsa wokhulupirikayo kuti iye ndi wopusa. M'mera mpoyamba. Mtsogoleri amene tidzakhale naye zaka zikubwerazi akuumbidwa lero ndi zimene ife tikuziombera m'manja.

ZITSANZO ZIWIRI

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. Ali ndi zaka pafupifupi 14, adawerenga mabuku a mu laibulale yaing'ono napanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga. Poyamba anthu ena a kwawo ankati wachita misala. Nyuzipepala idalemba za iye mu 2006, ndipo mu 2007 adaitanidwa kukayankhula ku Arusha m'dziko la Tanzania. Pambuyo pake kudakhazikitsidwa bungwe la Moving Windmills lothandiza pa chitukuko cha dera lakwawo.

Memory Banda adayamba ali mtsikana wamng'ono kutsutsa mchitidwe wokwatiwitsa ana. Adagwira ntchito limodzi ndi bungwe la Girls Empowerment Network, mafumu ndi atsikana anzake. Khama la anthu ambiri otere lidathandiza kuti mu 2015 Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo loti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti agwirizane ndi mfundo imeneyi.

Awiriwa adatchuka kunja, ndipo tikuwanyadira. Koma tiyeni tidzifunse: kodi tiyenera kudikira kuti alendo atiuze kuti mwana wathu ndi wabwino? Pa wachinyamata mmodzi amene wakwera ndege, alipo mazana amene dzina lawo silidzatuluka m'nyuzipepala. Amenewa ngati sitiwayamika ife, palibe adzawayamike.

ZIZINDIKIRO ZONYENGA

Makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali zinthu zimene zimatikopa maso koma sizitiuza kanthu za mtima wa munthu.

Choyamba ndi galimoto. Kubwera pa galimoto yaikulu si umboni wa utsogoleri.

Chachiwiri ndi Chingerezi chosalala. Munthu angathe kuyankhula bwino pamaso pa alendo koma osatha kumvetsera mayi wamasiye.

Chachitatu ndi alawansi, malaya ndi zitenje. Tizolowera kutamanda amene amatipatsa kangachepe pa msonkhano, ndi kudandaula za amene amatiitana popanda kanthu. Koma mwina wachiwiriyo ndiye akutiphunzitsa kudzidalira.

Chachinayi ndi zithunzi. Masiku ano munthu angathe kujambulitsa akupereka thumba limodzi la ufa, nkuika pa Facebook, dziko lonse nkumutamanda. Chithunzi sichionetsa amene sadalandire.

ZIZINDIKIRO ZA MTSOGOLERI WENIWENI

Mpingo woyamba udakumana ndi vuto longa lathuli. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, likutifotokozera kuti padabuka madandaulo chifukwa amayi amasiye ena ankasalidwa pogawa chakudya. Atumwi sadasankhe okha anthu okonza vutolo. Adapempha gulu lonse kuti lisankhe anthu asanu ndi awiri a mbiri yabwino, ndipo mmodzi wa iwo adali Stefano. Tikuphunzirapo kuti kugawa chakudya mwachilungamo ndi utumiki woyera, ndiponso kuti odziwa bwino mtumiki ndi anthu amene akuwatumikira. Nazi zizindikiro zimene tingayang'ane:

1. Amamvetsera asanayambe ntchito. Amakhala pansi ndi mafumu, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, amayi ndi achinyamata, nafunsa chimene anthu akufuna. Safika ndi mayankho m'chikwama.

2. Sabisa za ndalama ndi katundu. Amanena poyera kuti kwabwera matumba angati, alandire ndani, ndipo asankhidwa bwanji. Tikamfunsa sakwiya.

3. Sakondera. Poika maina sayang'ana chipani, mpingo, mtundu kapena chibale. Msilamu, wa mpingo wina ndi wosapemphera, onse amawaona ngati anthu a Mulungu.

4. Amalemekeza amayi ndi ana. Sapempha mtsikana chibwenzi kuti amlembe dzina. Amene amachita zotere ngoyenera kukanenedwa ku bungwe lake ndi kupolisi, ngakhale ntchito zake zina zioneke zabwino.

5. Amaphunzitsa ena. Mutu umodzi susenza denga. Mtsogoleri weniweni amasangalala pamene anthu ayamba kuchita okha zimene iye ankawachitira.

6. Amanena zoona. Zinthu zikalephereka amavomera, ndipo salemba lipoti lokometsa kuti akondweretse akuluakulu ake.

7. Ntchito yake imatsala. Patapita zaka ziwiri iye atachoka, kodi mjigo ukutulutsabe madzi? Kodi mitengo idakula? Kodi gulu likukumanabe?

PARISHI INGACHITE CHIYANI?

Kuyamika sikulira ndalama zambiri. Chofunika ndi kuchita mwachilungamo, chifukwa ulemu woperekedwa mokondera umabala kaduka. Tikupereka njira iyi kuti khonsolo ya parishi iiganizire.

Miphakati ndiyo iyambe. Mphakati uliwonse ukambirane za achinyamata amene atumikira m'dera lawo chaka chimenecho, nutchule dzina limodzi pamodzi ndi ntchito zenizeni zimene munthuyo wachita. Mawu oti "ndi mwana wabwino" sakwanira. Tinene kuti adachita chiyani, kuti, ndipo adapindula ndani.

Pakhale komiti yaing'ono youna maina. Mukhale amayi ndi abambo, wachinyamata, nthumwi ya mafumu, ndipo ngati nkotheka munthu wa mpingo wina. Amene ali pa chibale ndi wotchulidwa atuluke pokambirana dzinalo. Komitiyi ipite kukaona ntchito ndi maso, ndi kufunsa anthu wamba, makamaka okalamba, olumala ndi amasiye.

Tisayang'ane Akatolika okha kapena ogwira ntchito m'mabungwe a Mpingo okha. Tisaiwalenso atsikana, amene kawirikawiri amagwira ntchito yolemetsa mwakachetechete.

Tisankhe tsiku loyenera. Kuyambira mu 2021 Mpingo umachita tsiku la achinyamata m'madayosizi pa chaka cha Khristu Mfumu. Tsikuli nlokoma pa mwambo wotere, chifukwa Mfumu yathu idasambitsa mapazi a ophunzira ake. Palinso 12 Ogasiti, tsiku la achinyamata pa dziko lonse, ndi 5 Disembala, tsiku lokumbukira anthu ogwira ntchito modzipereka.

Mphatso ikhale yosavuta. Ikatha Misa, wachinyamatayo aitanidwe kutsogolo, ntchito zake zifotokozedwe, ndipo mpingo umpempherere. Apatsidwe kalata yaumboni yosainidwa ndi bambo mfumu ndi wapampando wa khonsolo. Kalata yotere idzamthandiza pofuna ntchito kapena sukulu pulojekiti ikadzatha. Kalata inanso ipite kwa akuluakulu a bungwe lake kuti adziwe munthu amene ali naye.

Chachikulu koposa ndi kumpatsa malo. Kuombera munthu m'manja kenaka nkumuuza kuti ndi mwana, asayankhule pa msonkhano wa akulu, nkumunyoza. Paulo Woyera adamkhulupirira Timoteo ali wachinyamata, namsiyira udindo wotsogolera mpingo. Nafenso tiwalowetse achinyamata okhulupirika m'makomiti a chitukuko, a sukulu ndi a parishi.

MAWU KWA ACHINYAMATA

Inu ana athu, ulemu ukadza muulandire modzichepetsa, podziwa kuti simudagwire nokha ntchitoyo. Ukapanda kudza, musataye mtima ndi kuyamba kuba. Ndipo pamene anthu akudzudzulani, kumbukirani kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mudzi umene uli ndi ufulu wokuyamikani ulinso ndi ufulu wokufunsani.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi ndi mabungwe ati amene akugwira ntchito m'dera lathu? Kodi tikuwadziwa maina achinyamata amene amatifikira?

2. Pa mwambo wachitukuko umene tidakhalapo posachedwapa, adathokozedwa ndani? Adaiwalika ndani?

3. Kodi tidayamba takanapo kupita ku msonkhano chifukwa kudalibe alawansi? Khalidwe limeneli limawaphunzitsa chiyani achinyamata?

4. Pa zizindikiro zisanu ndi ziwiri zija, ndi chiti chimene chikusowa kwambiri kwathu kuno?

5. Kodi mphakati wathu utchula dzina la yani chaka chino, ndipo ndani akapereke dzinalo ku khonsolo ya parishi?