Cifuwa Colowa M'kati: Dzenje Lobadwa Nalo ndi Dzenje la Cibayo

Nthawi zina mai posambitsa mwana aona kuti pakati pa cifuwa pali polowa ngati kambale, pamene madzi akhoza kukhalapo mwana atagona cagada. Mai wotere, akhale wa kwa Kalindawalo ku Petauke kapena wa kwa Ndake ku Nyimba, ayenera kuyamba wadzifunsa funso limodzi: kodi dzenjeli likhala momwemo nthawi zonse, kapena lilowa ndi kutuluka mwana akamapuma?

Yankho lace ndi nkhani ya moyo. Ngati munsi mwa nthiti mulowa m'kati pokoka mpweya, mwana ali kutsokomola, thupi lili moto, cimeneco ndi cizindikiro ca cibayo. Werengani kupuma kwace pa mphindi imodzi ali phee. Khanda losafika miyezi 2 likapuma kokwana 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika pa 50, kapena wa caka cimodzi mpaka zaka 5 akafika pa 40, musadikire kuti kuce. Mtengeni tsiku lomwelo kunka naye ku kiliniki, ku Minga, ku cipatala ca Nyimba kapena ca Petauke, kuli konse kumene kuli pafupi.

Dzenje losasintha ndi nkhani yina. Madotolo alicha pectus excavatum. Mafupa ofewa olumikiza nthiti ku fupa la pakati pa cifuwa akula mokhota, nakankhira fupalo m'kati. Mwa ana mazana angapo, mmodzi abadwa motero. Anyamata acuruka kuposa atsikana, ndipo kawirikawiri pacibale papezeka wina wa cifuwa cofananaco. Si ufiti, si tsempho, ndiponso mai sanalakwire mwambo uli wonse ali ndi pakati. Kutema mphini pamenepo kungoonjeza zipsera pa thupi la mwana amene ali kale ndi manyazi.

Matenda a matewe, obwera cifukwa mafupa asowa cakudya cowalimbitsa, nawonso apotoza cifuwa. Koma pamenepo miyendo ikhota ndi mfundo za manja zitupa. Amenewo ali ndi mankhwala ku cipatala, ndipo kapenta wodyedwa ndi minga yace, mkaka, mazira ndi kuothera dzuwa zithandiza.

Ana ambiri a dzenje lobadwa nalo akula bwino, alima, achaya mpira, nakwatira. Nthawi yoyenera kupenyetsetsa ndi ya kusinkhuka, pamene mwana atalika msanga, pakuti dzenje lizama pa zaka zimenezo. Mgonekeni cagada, pingasani rula pa cifuwa, yesani kuya kwa dzenje, nimulembe m'kabuku pakapita miyezi ingapo. Akayamba kutopa msanga kuposa anzace, kubanika pokwera citunda, kumva kuwawa m'cifuwa, mtima kugunda mothamanga, kapena msana kupindikira kumbali, apimidwe. Dzenje lakuya lipanikiza mtima ndi mapapu. Cipatala ca boma cikaona cofunika cidzalemba kalata yomtumiza ku St Francis ku Katete, ku Chipata kapena ku UTH ku Lusaka.

Nanga popanda mpeni cingacitike nciani? Masewera otambasula cifuwa, kupuma mozama ndi kuimirira mapewa ali kumbuyo zilimbitsa minofu ndi kucepetsa kuoneka kwa dzenje, koma fupa lenileni sizilikweza. Mabuku a kunja atama kusambira. A m'mbali mwa Luangwa adziwa okha za ng'ona.

Cimene cikweza fupa ndi cipangizo cochedwa vacuum bell, cimene anacipanga Eckart Klobe, injiniya wa ku Germany amene iye mwini anali ndi cifuwa cotere. Ndi mbale yofewa yobvundikira dzenje, yokhala ndi kapampu kofinya ndi dzanja. Mpweya ukacoka m'mbalemo, fupa likokedwa kubwera kunja. Poyamba libwerera mbale ikacotsedwa. Cifukwa cace aibvala mphindi 30 kawiri pa tsiku, naonjeza nthawi pang'onopang'ono, kwa caka cimodzi kapena ziwiri. Ithandiza koposa ana osapitirira zaka 11 kapena 12, amene cifuwa cikali cofewa ndi dzenje losaposa sentimita imodzi ndi theka. Wamkulu wa mafupa okhwima asayembekeze zambiri.

Wina akamva izi angati, "Si kulumika kwa makolo kumeneku?" Iai. Nyanga kapena kapu ikoka khungu lokha ndi kuvulaza. Ngakhale cipangizo ceniceni cisiya mikwingwirima, ndipo ncoletsedwa kwa mwana wa magazi osauma msanga, wa mafupa osacedwa kuthyoka, kapena wa matenda a mitsempha ya mtima. Dotolo ndiye asankha kukula kwace ndi kuyang'anira.

Opareshoni isungidwira dzenje lakuya losautsa mtima ndi kupuma. Mu 1987 Dotolo Donald Nuss, wophunzira za udotolo ku Cape Town, anayamba ku America njira yolowetsa citsulo copindika kunsi kwa fupa kupyolera m'timabala ta m'mbali. Citsuloco cikhala zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka acicotsa.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yao. Mnyamata wokana kubvula shati pa bwalo la mpira asakakamizidwe pamaso pa anzace. Mfunseni padera, ndipo uzani makolo ace apite naye kukapimitsa.