Pa Luangwa Bridge, khotelani kumanja

Ife a kum'mawa timaidziwa Luangwa Bridge cifukwa ca nsomba zouma na madengu. Basi ikangoima, kondakitala wayamba kale kukuwa kuti "tiyeni, tiyeni!" Ambili sitidziwa kuti msewu wokhotela kumanja pafupi na msika uja umafika ku Feira, boma la Luangwa, kumene mtsinje wa Luangwa uthila mu Zambezi.

Mwezi watha banja lathu la ku Bauleni linali pa ulendo wa ku Chipata pa motoka ya alamu. Amalume anaumilila kuti tipatuke. Alamu anadandaula za mafuta, cifukwa kupita na kubwelela ni makilomita opitilila 150.

"Alamu, mafuta mudzagula ena," anatelo amalume. "Ana awa adziwa cabe Manda Hill, koma kumene makolo awo anawolokela sakudziwa."

Ukaima pa gombe la Feira uona maiko atatu. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo ya ku Mozambique, tauni yakale ya malonda ya Apwitikizi, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba ya ku Zimbabwe. Ca kumeneku ndiko kumene Zwangendaba anawolotsa Angoni mu November 1835, pocokela kum'mwela pambuyo pa nkhondo za Shaka. Tsiku limenelo kadamsana anaphimba dzuwa, n'cifukwa cake mwezi na caka zidziwika bwino mpaka lelo.

Zwangendaba anapitilila mpaka ku Ufipa, m'dziko limene manje ni Tanzania, ndipo anafela komweko. Mwana wake Mpezeni ndiye anadzakhazikika ku dela la Chipata, kumene Nc'wala icitika ku Mtenguleni mu February caka ciliconse.

Mwana wanga wamkazi anayang'ana madzi aja kwa nthawi, mvuu zikulila capatali, basi n'kufunsa: "Manje ana ang'ono anawoloka bwanji?" Amalume anayamba kusimba zimene anamva kwa agogo awo, ndipo mafoni onse analowa m'matumba. Ku nyumba, nkhani zimenezi zimagonja kwa TV.

Ngati mufuna kupitako, nyamukani m'mamawa, tengani madzi akumwa ambili cifukwa cigwa ca Luangwa cimatentha maningi, ndipo ana asasendele pafupi na mtsinje, muli ng'ona. Koma coposa zonse, tengani munthu wacikulile m'motoka, akali moyo kuti asimbe.